Tsiku limene ndidawamba khoma

Kwathu kwa Ndamera madzi sitiwaopa kwenikweni, timangowadziwa. Shire akakwiya amalowa m'nyumba osaodira, n'kugonamo masiku angapo, kenako n'kumapita. Ife timatsika kumtunda kumene tidathawira, kukokolola matope, kutsekula zitseko, ntchito yotsalayo n'kulisiyira dzuwa. Dzuwa la kuchigwa silidikira kupemphedwa. Chovala chimene wachapa m'mawa umachivala phala lisanapole. Ndiye pamene ndinkanyamuka ulendo wa ku Joni anthu adandichenjeza zambiri, za akuba, za apolisi a m'malire, za amuna a pakamwa pozuna, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene adanditchulira za khoma lonyowa.

Kuyambira ndili mtsikana ntchito yanga idali yowamba nsomba. Abambo ankapha kudambo la Ndindi, ine ndi akulu anga a Rozina tinkatumbula, kupinda milamba ndi kuyala pawaya. Sindikudzitama, koma ogula ochokera ku Limbe ankafunsa dengu langa asanatsike n'komwe panjinga. M'dzinja nsomba youma imabwerera chinyontho n'kuyamba kuchita chuku kumutu ndi m'mimba. Wosadziwa amataya. Wodziwa amaibwezera pautsi, utsi wodekha wa nkhuni zosaumitsitsa, osati moto wolilima, ndipo pofika madzulo chuku chija chafa, nsomba yayambanso kununkhira. Zimenezi ndinkazidziwa kuposa dzina langa.

Ndidapita kukatsata mwamuna. Za panjira sindikumbukira zambiri, kupatula miyendo yotupa ndi mlatho wa ku Tete umene ndidauwoloka nditatsinzina. Anthu amati Joni, koma ife tidakathera ku Kepi, kumapeto kwenikweni kumene dziko limathera m'nyanja. Kumeneko ndiko kudabadwira mwana wanga Lusiya. Asanayambe kuyenda, bambo ake adapeza ntchito kuminda ya mphesa, kutali ndi tauni. Poyamba ankabwera pakutha pa mwezi, kenako ankangoimba foni, kenako foniyo idayamba kuyankhidwa ndi mayi wina wa Chingerezi wonena kuti nambalayo kulibe. Ndidalira mlungu umodzi, Lolemba lake n'kupita kuntchito.

Ntchito yanga idali yokonza m'nyumba za anthu, masiku atatu kwa adona ena, masiku awiri kwa ena. Chipinda ndinkachita lendi pamodzi ndi Estere, mayi wa kwa Katunga ku Chikwawa, amene ankasita zovala pamalo ochapira. Tidadziwana kutchalitchi. Adandimva ndikukalipira mwana m'Chisena n'kunditsata mpaka panja kudzandifunsa ngati ndabwera ndi ng'ona zanga. Kuyambira tsiku limenelo ine ndidali Msena wake, iye Mmang'anja wanga. Ankati Asenafe timabadwa tili m'ngalawa, ine ndinkati iwo a kwa Katunga amaopa ngakhale madzi a m'beseni. Mashifiti ake ankasinthasintha, ndiye tinkalandirana mwana, masiku ena n'kumusiya kwa mayi wolera ana mumsewu mwathu.

Chipindacho chidali kuseri kwa nyumba ya eni ake, chomaliza pa zipinda zitatu zomangidwa mondondozana. Tidalowamo nthawi yotentha, makoma atangopakidwa penti, ndipo tidaona ngati tatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Eni nyumba adali bambo wa nkhope yosekerera, wopuma pantchito, wokonda galu wake ndi maluwa. Dzina lawo lenileni ndilisiye. Ife tidawapatsa lakuti a Sabatalamawa, chifukwa chilichonse chimene ungawapemphe, kaya ndi loko, kaya ndi mpopi wodontha, ankachikonza sabata lamawa.

Ku Kepi mvula imagwa nthawi yolakwika. Imayamba pamene kwathu kwayera, anthu akuotha dzuwa la Juni, ndipo imabwera ndi chisanu ndi mphepo. Siigwa n'kutha ngati yathu, imangowaza tsiku lonse, mawa lakenso chimodzimodzi. Ngalande ya malata yolandira madzi a padenga idali yothyoka pamwamba penipeni pa khoma lathu lakumbuyo, ndiye madzi a madenga onse atatu ankatsikira pakhomalo. Mkati lidayamba kuchita thukuta. Kenako padatuluka timadontho takuda m'munsi, pafupi ndi matiresi, ndipo tidakwera pang'onopang'ono mpaka kufika m'chiuno mwa munthu. Nsapato zanga za kutchalitchi zidamera ubweya wobiriwira. Masamba a Baibulo la Estere adamatana kuyambira kwa Yobu mpaka ku Miyambo. Fungo lake tidalizolowera, tinkangolikumbukira tikakwera minibasi anthu n'kumasendera.

Chaka choyamba tidapukuta ndi mankhwala oyeretsera amene ndinkagwiritsa ntchito m'mabafa a adona. Kunkayera masiku anayi. Titawauza a Sabatalamawa, adabwera, n'kuima pakhomo manja ali m'thumba, n'kunena kuti vuto ndi ife. Adati timaphikira m'nyumba, timayanika zovala m'nyumba, sititsekula zenera, timapuma kwambiri. Zakupumazo adazinena akuseka, ife n'kusekanso, poti kwa eni kulibe mkuwe. Adatipatsa theka la chitini cha penti. Tidapaka, ndipo patapita milungu iwiri chuku chidatulukira pamwamba pa pentiyo ngati sitidachite kanthu.

Chaka chachiwiri Lusiya adayamba kutsokomola. Adali ndi zaka zitatu, kamwana kolongolola kosakaniza zilankhulo zinayi m'chiganizo chimodzi. Chifuwacho sichinkatha. Kenako m'chifuwa mwake mudayamba kulira kakhweru akamapuma, ndipo akathamanga pang'ono ankaima n'kugwira maondo ngati nkhalamba. Kukiliniki adatipatsa kapampu kopopera m'kamwa. Ulendo wachitatu nesi wake, mayi wamkulu wosakonda kuseka, sadayambe ndi mwana. Adatenga bulangete limene ndidamufunditsa n'kulinunkhiza. Adandifunsa kumene mwanayo amagona, ine n'kufotokoza. Adandiuza mosazungulira kuti mankhwala akewo ndi ongothandizira, chofunika n'chakuti chinyontho chichoke m'chipindamo kapena mwana achokemo.

Nditawauza a Rozina pafoni sadachedwe kuyankha. Adati ndimutumize mwanayo kumudzi, kumene mpweya ndi wouma ndipo iwo ana awo akula kale. Ndidakana. Ndidali nditasiya kwathu, mwamuna adali atandisiya, chimene chidatsala changa m'dziko lonse lija chidali Lusiya yekha. Ndikaweruka ndinkathamangira sitima chifukwa cha iye. Ndidawauza akulu angawo kuti mwana wanga akulira m'manja mwanga, zivute zitani. Iwo adangoti, "Pyadidi," ndiko kuti chabwino, koma amene amawadziwa a Rozina amadziwa kuti chabwino wawo wotereyu amatanthauza kuti tiona.

Nesi yemweyo ndiye adandilozera ku holo ya tchalitchi china kumene Lachitatu lililonse kunkakhala anthu olangiza za malamulo kwaulere. Ndidapita ndi Estere, poti Chingerezi chake chidali chowongokerapo. Tidapeza mayi wa magalasi, wa tsitsi la imvi lometa, amene adatimvetsera mpaka kumapeto osatidula. Kenako adatifotokozera zinthu zimene sindidaziganizirepo. Adati munthu akamachititsa lendi nyumba, lamulo limamukakamiza kuti nyumbayo ikhale yoti munthu n'kukhalamo osadwala nayo. Denga, makoma, ngalande za madzi, zonsezo ndi udindo wa mwini nyumba. Udindo wa wochita lendi ndi kulipira, kusamala, kutsekula mazenera ndi kunena msanga pakaonongeka chinthu. Adati chinyontho chochokera ku mpweya wa mphika n'china, chochokera ku ngalande yothyoka n'chinanso, ndipo odziwa ntchito amatha kusiyanitsa.

Estere adafunsa kawiri ngati lamulolo limakhudzanso obwera ngati ife. Mayiyo adati limakhudza aliyense wochita lendi. Adati kuli bwalo loona milandu ya nyumba za lendi, losalipiritsa, ndipo dandaulo likangolowa kumeneko mwini nyumba saloledwa kukuthamangitsa mwachisawawa mlandu usanathe. Estere adaseka mpaka kugwira tebulo. Adati ku Nchalo kumene ankachita lendi kale, ukangotsekula pakamwa mwini nyumba amabwera ndi sikuludiraiva n'kuzula chitseko, iwe n'kugona ukuonera nyenyezi.

Mayiyo adatilembera kalata yopita kwa eni nyumba, ina yopita kubwalo, n'kuphatikizapo imene nesi uja adalemba yofotokoza za chifuwa cha mwana. Tidamuuzanso kuti chipinda china chogundana ndi nyumba yaikulu, chouma bwino, chidali chitangotsala chopanda munthu. Adalemba pempho lakuti atisamutsire m'menemo pamene khoma lathu likukonzedwa, ndipo adati ndi kalata ya kuchipatala ija pempholo lili ndi mphamvu. Potsazikana adatiuza zinthu ziwiri. Choyamba, tisasiye kulipira lendi ngakhale titakwiya bwanji. Chachiwiri adachinena akundiyang'ana ineyo.

"Kubwera munthu wodzayendera chipindacho. Khomalo mulisiye momwe liliri. Ndiye mboni yanu."

Ndidavomera ndi mutu. Ndidamva bwinobwino, sindinganame kuti Chingerezi chidandiphonya.

A Sabatalamawa atalandira kalata yawo adasiya kutipatsa moni. Galu yekha ndiye ankatigwedezerabe mchira. Tidayamba kudikira. Bwalolo lidali ndi milandu yambiri, ndipo tsiku la woyendera lidaikidwa patsogolo ndithu. Mvula sidadikire nawo. Tidasunthira matiresi pakati pa chipinda, koma chipinda chake chidali choti ukatambasula mikono wakhudza makoma onse awiri. Lachinayi lina mayi wolera ana uja adandiimbira foni ndili kuntchito kuti mwana akubanika. Adamugoneka m'chipatala masiku awiri ali ndi chophimba kumphuno. Ine ndidakhala pampando pambali pake n'kumayang'ana nthiti zake zikukwera ndi kutsika.

Tidatuluka Loweruka. Nditatsekula chitseko cha chipinda chathu fungo lidandilandira, ndipo ndidaima n'kuliyang'ana khoma lija nthawi yaitali, mwana ali kumsana. Woyendera adali kudzabwera patapita masiku khumi. Ndidaona kuti masiku khumi ndi ambiri. Ndidaonanso kuti chinthu chimene chikundizunzachi ndikuchidziwa, ndi chuku chomwe chija ndakhala ndikuchigonjetsa kuyambira ndili wamng'ono. Azungu ndi mankhwala awo a m'mabotolo chidawakanika, penti idalephera, koma palibe amene adayesapo utsi. Ndidadziuza kuti sindikutsuka, sindikupala, sindikupaka kanthu, khoma likhala pomwepo. Mumtima ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza, koma ndinkafuna kuti mwana wanga apume.

Lamulungu m'mawa ndidauza Estere kuti mutu ukundiwawa, atenge Lusiya apite naye kutchalitchi, akatero akachezere anzathu mpaka madzulo. Atangokhota pakona ndidayamba. Ndidatulutsa matiresi, zovala ndi ziwiya n'kuziunjika pakhonde. Kwa kalipentala wa mumsewu mwathu ndidali nditapempha kale utuchi ndi tizidutswa ta matabwa. Ndidatenga chitini chachikulu chija cha penti, kuchiboola m'mbali, kuyatsa makala pang'ono pansi, pamwamba n'kuthira utuchi wonyowetsa. Ndidachikhazika pa njerwa pafupi ndi khoma, kutseka zenera, kutseka chitseko, m'munsi mwake n'kutsekamo nsanza.

Kunena zoona, ntchitoyo ndidaigwira bwino. Moto sudalilime ngakhale kamodzi. Pakapita kanthawi ndinkalowa nditamanga chitenje kumphuno, kusuntha chitini kuti utsi ufike mbali zonse, kuwonjezera utuchi, n'kutuluka misozi ili chuchuchu. Ndidakhala pakhonde tsiku lonse ndikumvera fungo lija, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dziko lija ndidamva kuti ndikuchita chinthu chimene ndimachidziwa kuposa wina aliyense mumsewumo. Chakumasana a Sabatalamawa adatulukira pakhomo la khitchini yawo. Adayang'ana utsi umene unkatuluka m'mphepete mwa malata, n'kundiyang'ana ine. Ndidayembekeza kuti akalipa. Iwo adangotulutsa foni, kujambula mbali iyi, kujambula mbali iyo, kenako n'kundipatsa moni mwaulemu, koyamba m'mwezi wathunthu.

Madzulo ndidatsekula ponse kuti mphepo ipite. Khoma lidali lofunda, louma, ukaligwira osamva kuzizira kuja. Lidali lakuda kuyambira pansi mpaka kudenga, koma kuda kwake kudali kwa mwaye, kuda koyera kumene ndidakula nako. Estere adafika atabereka mwana, n'kuima pakhomo.

"Mwatani muno, mayi a Lusiya?"

"Ndaliwamba."

"Mwawamba chiyani?"

"Khoma."

Sadakalipe. Adatsitsa mwana, kukhala pa ndowa yovundikira, n'kugwira tsaya. Patapita nthawi adati adamvapo kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, koma sankadziwa kuti munthuyo adali Msena. Ndidaseka nawo, poti pa nthawiyo ndinkaganizabe kuti ndapambana.

Masiku atatu khoma lidakhala louma. Lachinayi lake mvula idagwa, ndipo m'mawa ndidapeza mizere yofiirira ikutsetsereka pamwaye paja. Tsopano m'chipinda munkanunkha zonse ziwiri, chinyontho ndi utsi wozizira, ndipo Lusiya ankafuna kapampu kake pafupipafupi kuposa kale. Ndidali pasitima popita kuntchito pamene ndidazindikira chimene mwana aliyense wa kudambo amachidziwa. Nsomba umayamba waichotsa m'madzi usanaiwambe. Khoma lija lidali likadali m'madzi, linkamwa kuseri ine ndikuwamba kumaso.

Woyendera adabwera pa tsiku lake, bambo wa jekete la mvula ndi kachipangizo koyezera chinyontho. Adapaka chala pakhoma, kuchiyang'ana, n'kufunsa ngati mudabuka moto. Ndidamuuza zonse momwe zidayendera. Adandifunsa kawiri kuti amvetse, Estere akumasulira, kenako adangopukusa mutu n'kulemba. Adagunditsa kachipangizo kake pakhoma ndipo kadalira. Adatuluka panja, kuzungulira kuseri, kuona ngalande yothyoka ija n'kuijambula. Sadatinyoze, sadatilonjezenso kanthu.

Kubwalo kudalibe mikanjo kapena apolisi monga ndinkaganizira. Chidali chipinda cha tebulo lalitali, ndi anthu ofuna kuti mbali ziwirizo zigwirizane. A Sabatalamawa adabwera atavala tayi. Adayala zithunzi zawo za utsi n'kunena kuti kuda konse kwa pakhomalo ndi kwa ine, ndakhala ndikusonkha moto m'nyumba mwawo kuyambira kale. Zithunzi zanga za chuku zidali ziwiri zokha, zojambula ndi kafoni kakale m'chipinda cha mdima, ndipo ngakhale ine mwini sindikadalumbira kuti zikuonetsa chiyani. Chidatipulumutsa ndi lipoti la woyendera. Lidati khomalo ndi lonyowa mpaka mkati, ndipo madziwo akuchokera ku ngalande. Wotsogolera zokambiranazo adawauza eni nyumba mosabisa kuti zimenezo ndi zawo, akonze ngalande, agumule pulasitala, ndipo m'chipindamo musakhale munthu mpaka zitatheka.

Pamenepo mayi wa magalasi uja adakumbutsa za pempho la chipinda chouma. A Sabatalamawa adayankha modekha kwambiri. Adati iwo ndi munthu wokalamba, chipindacho n'chogundana ndi chimene amagona, ndipo sangaikemo munthu amene amatseka zitseko n'kuyatsa moto m'nyumba. Adati pakadapanda zimenezo sakadakana. Kaya ankanena zoona kaya ayi, palibe amene akadatha kuwatsutsa, poti zithunzi zidali patebulo. Wotsogolera uja adandifunsa ngati ndikuvomera kuti ndidayatsa motowo ndipo ndidavomera. Adandifotokozera kuti utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha, ukadatha kulowa kwa oyandikana nawo, komanso kuti mwaye pawokha ndi woipa kwa mwana wa chifuwa. Mapeto ake tidasainirana kuti iwo akonza nyumba yawo, ife tituluka pakutha pa mwezi popanda wina kumutsata mnzake.

Panja mayi wa magalasi adandigwira paphewa. Adati mlandu wa khoma tawina. Ndidathokoza, poti adagwira ntchito yake ndi mtima wonse ndipo chimene chidaonongeka ndidachiononga ndine.

Kufuna chipinda ku Kepi m'nyengo ya mvula uli ndi mwana wodwala ndi ntchito yolemetsa. Tidayenda Loweruka ndi Lamulungu lililonse. Tsopano ndidali katswiri, ndikalowa ndinkayamba kununkhiza, kenako kusuntha kabati kuti ndione kuseri. Zimene tikadakwanitsa zonse zidali ndi chuku, zina chobisidwa ndi penti yatsopano, zina chosabisa n'komwe. Zouma zidali za anthu a malipiro ena. Adona amene ndinkawagwirira masiku atatu atamva, adati ali ndi kachipinda ka wantchito kuseri kwa galaja, kouma, ka magetsi, ndikhoza kulowa ngakhale mawa n'kumagwira sabata yonse. Adawonjeza kuti malamulo a pamalopo salola ana. Adapepesa kwambiri, ndipo ndikhulupirira kuti kupepesako kudali kochokera pansi pa mtima.

Estere ndiye adamasula mfundoyo. Adati iye watopa, mawondo akumupweteka ndi chisanu, amayi ake kwa Katunga akudwaladwala, akupita kwawo. Sadanenepo kuti ndamutayitsa malo ogona, ngakhale zidali choncho. Adati ngati ndikufuna, amutenga Lusiya akamupereke m'manja mwa a Rozina. Ndidakhala masiku awiri osamuyankha. Tsiku lachitatu mwana adabanikanso tili pamzere wa minibasi, milomo yake n'kusintha mtundu, ndipo titabwerako kukiliniki ndidawaimbira akulu anga. Sadandikumbutse zimene ndidanena kale. Adangofunsa tsiku loti akadikire ku Bangula.

Mapepala a mwana adatitengera milungu ingapo, tikugona pansi kwa anzathu a kutchalitchi. Pa tsiku la ulendo ndidamuveka majuzi awiri, kapampu n'kukamangirira pakhosi ndi chingwe. Ndidamuuza kuti akupita kukaona mbuzi, ine ndibwera m'mbuyo. Adakondwa. Basi itanyamuka ankandibayibitsa pazenera ndi manja onse awiri. Ndidapita kukachipinda kanga katsopano, kouma ngati m'thumba la ufa, n'kukhala pabedi mpaka kudada. Tsiku limenelo ndidadzida kwambiri.

M'mbuyo muja ndidatha zaka zisanu. Chaka chilichonse ndinkati chino ndi chomaliza. Ndinkatumiza zimene ndapeza, ndipo a Rozina adamanga nyumba ya njerwa zootcha pamtunda, adagula mbuzi, adamulembetsa mwana sukulu. Abambo adamwalira ine ndili komweko, maliro ndidawalirira pafoni. Za chifuwa a Rozina adandiuza kuti chidatha mwezi woyamba womwewo, kapampu kadangokhala pamwamba pa kabati mpaka kadatayika. Poyamba Lusiya ankalimbirana foni kuti andiuze za mbuzi. Kenako Chingerezi chake chidatha, Chisena chidakhwima, ndipo ankangoyankha zimene ndamufunsa n'kubweza foni. Estere ankandiimbira mwa apo ndi apo. Adandiuza kuti adamva kwa anzathu kuti a Sabatalamawa adakonzadi ngalande ija, n'kuika anthu ena m'chipinda chathu.

Ndidabwerera mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pachimake. Nditatsika pa Nsanje boma kutentha kudandimenya kumaso, ndipo ndidazindikira kuti thupi langa lidaiwala kwawo. Kumudzi ndidapeza a Rozina atanenepa, imvi zitayamba, akulankhula ngati mwini mudzi. Anyamata amene ndidawasiya akusambira opanda zovala adali ndi akazi. Anthu adabwera kudzandiona, kudzaona zikwama, kudzafunsa ngati n'zoona kuti kumeneko nyumba zimadwala. Nkhani ya kuwamba khoma idali itandidutsa kale panjira, Estere adaifalitsa chigwa chonse, ndipo ndidalola kuti andiseke.

Lusiya adabwera kuchokera kumjigo atasenza ndowa yodzaza, akuyenda mofulumira osagwirira. Adali wamtali, wakuda bwino, wa miyendo yolimba. Adatula ndowa, a Rozina n'kumuuza kuti apereke moni kwa amayi ake. Adagwada patsogolo panga n'kundipatsa dzanja, lina atagwira pachigongono, maso ali pansi.

"Mwayenda bwanji?"

Ndidayankha kuti ndayenda bwino. Ndidamupatsa diresi ndi nsapato zimene ndidamugulira, ndipo adathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta," n'kupita nazo kukawaonetsa a Rozina. Ankadziwa kuti ndine ndani, palibe amene adamubisira. Masiku otsatira ankandipatsa madzi osamba, kundiyalira mphasa, kundiyankha mwaulemu wonse umene mwana woleredwa bwino amapereka kwa mlendo.

Tsiku lina chakumadzulo tidakhala pansi pa mtengo wa nimu, ine ndi a Rozina, tikusankha mpunga m'malichero. Ana ankasewera fulaye pabwalo. Lusiya ankadumpha kuposa onse, kuzinda mpira, kuthamanga uku ndi uku osaima. Mwadzidzidzi adaponda munga n'kukuwa, "Mai!"

Tidadzuka tonse awiri. Ine ndidali pafupi, ndidatambasula kale manja. Adandidutsa akutsimphina, n'kukagwera m'chifuwa mwa a Rozina. Akulu anga adandiyang'ana pamwamba pa mutu wa mwanayo, nkhope yawo ikupepesa, kenako adakhala pansi n'kumugwira phazi.

Ndidaima pomwepo n'kumamvetsera kulira kwake. Ankalira mokweza, kukoka mpweya wodzaza chifuwa, n'kuutulutsa wonse mpaka kumapeto, kenako n'kukokanso wina. Ndidatchera khutu kufunafuna kakhweru kaja, ndipo munalibe. Ndidakhala pansi, kutola lichero langa, n'kupitiriza kusankha mpunga.